Kodi paudala wa talc ndi wabwino kwa khanda?

Adokotala,

Ndine mayi wa zaka 23, ndimakhala ku Nchalo m'boma la Chikwawa. Mwana wanga woyamba, wamkazi, wangokwanitsa kumene mwezi umodzi. Kuno kuchigwa mukudziwa mmene kumatenthera mu Okutobala ndi Novembala, nthawi zina mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo usiku m'neti thukuta limachita kuyenderera. Mwanayu watuluka tinsungu tofiira m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche.

Ndili pachitengwa, ndiye amene amamusambitsa ndi apongozi anga. Akamaliza amamuwaza paudala wogula pamsika mpaka mwana ayere mbuu, ati thukuta liume, ana awo onse anakula choncho. Koma akamawaza, fumbi limati koboo pankhope pake, iye n'kuyamba kuyetsemula ndi kutsokomola. Pofika madzulo paudalayo amakhala ataundana ndi thukuta m'makwinya a khosi, ndipo ndikapukuta pamakhala pofiira kuposa m'mawa.

Pachitinipo palembedwa kuti muli talc. Ndinamva kuti umenewu ndi mwala wokumba pansi womwe amaupera, ndipo nthawi zina umapezeka malo amodzi ndi asbestos amene amayambitsa khansa. Ndinamvanso kuti kampani ya Johnson & Johnson inasiya kugulitsa paudala wa ana wa talc padziko lonse mu 2023 n'kusinthira ku wa sitachi ya chimanga, ngakhale imanenabe kuti wakaleyo analibe vuto. Ine za khansa ndaziika kaye pambali. Chikundisowetsa tulo ndi fumbi lomwe likulowa m'mapapo a kamwana kotere.

Ndiye ndithandizeni. Ndisiyiretu paudala, kapena wachimangayo ndi wabwinoko? Nanga si nayenso ndi fumbi? Vaseline ndili naye, koma ndikuopa kuti kutentha kuno angawonjezere tinsunguto. Alamu anga abweretsa mafuta a camphor, amenewo ndabisa m'sutikesi chifukwa ndinamva kuti camphor amalowa pakhungu la khanda ndipo angathe kulikomola.

Chovuta kwambiri ndi apongoziwo. Amandisamala bwino, m'chikuta sindinatungeko madzi ngakhale chidebe chimodzi, ndipo sindikufuna aziti mtengwa wayamba kuwaderera. Bambo a mwana akachoka ku minda ya nzimbe amangoti zimenezo n'zachizimayi, tikambirane tokha. Tsiku la sikelo likadali kutali. Ndiwauze bwanji mayiwa kuti asakhumudwe?

Mayi wodandaula,
Nchalo, Chikwawa