Bwerani mudzakhomole khonde lomwe munandimangira

Bambo, ndikulemba pano poyera chifukwa foni yanga mwasiya kuyankha, ndipo kumalo anu opalira matabwa ndafikako katatu, anyamata akungoti mwatuluka. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha. Ndinu munandimangira khonde la matabwa kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Dedza boma mu Ogasiti.

Khondeli ndinamangitsira mayi anga. Kuno kumazizira, makamaka mu Juni ndi Julayi chifunga chikatsika m'phiri, ndipo simenti imawalowetsa chisanu m'miyendo. Ndinkafuna aziwothera dzuwa pamalo ofunda. Ndinakuuzani zimenezi tili chiimire pabwalo, inu n'kulonjeza matabwa a paini ouma bwino, opakidwa mankhwala a chiswe. Theka la ndalama ndinapereka tsiku lomwelo.

Lole itatsitsa katundu ndinanyamula thabwa limodzi. Linali lolemera, utomoni ukumata m'manja. Nditafunsa munati aumira pompo. Ena anali oumadi, koma anyamata anu anangosakaniza onse, kutola lomwe lili pafupi n'kukhoma. Inu mukudziwa kuposa ine kuti thabwa laliwisi limabwerera likamauma, pamene louma limafufuma likamwa madzi. N'chifukwa chake mmisiri amasiya mpata wofanana, mamilimita 5 kapena cha pomwepo, pongolowetsa msomali pakati pa matabwa awiri asanakhome, kuti madzi ndi fumbi zizitsikira pansi. Anu ankayeza ndi maso. Dzuwa la Okutobala litawomba, pomwe panali matabwa aawisi panatseguka mipata yolowa chala chachikulu. Pomwe anathinanitsa ouma, mvula yoyamba itagwa anakankhana n'kutukuka pakati. Madzi akudikha pamenepo mpaka masana, ndere zayamba kale.

Chingwe chowongolera mzere wa matabwa sanamange n'komwe. Thabwa loyamba likapita mokhota, onse otsatira amalitsata, ndipo umboni uli pa thabwa lomaliza: mbali ina ndi masentimita 15, mbali inayo 6. Analicheka chopendekera kuti abise.

Chomwe chandipweteka kwenikweni chili kunsi. Ndinagwada n'kuyeza ndi tepi, mitanda yatalikirana masentimita 70, pamene tinagwirizana 40. Ukaponda, thabwa limanepa. Molumikizira matabwa mwaikidwa pamzere umodzi, pamtanda umodzi, m'malo mosemphanitsa monga amachitira omanga njerwa. Misomali anaikhoma kunsonga kwenikweni osaboola kaye, nsongazo zang'aluka, ndipo pamutu pa msomali uliwonse pakutsika mzere wakuda wa dzimbiri chifukwa anagwiritsa ntchito misomali wamba. Malo awiri, nsonga za matabwa zathera m'malere, pansi popanda mtanda.

Pa amodzi mwa malo amenewa ndi pomwe mayi anatsamiritsa ndodo yawo Lachiwiri lapitali. Thabwa linatsika, ndodo inalowa n'kukanirira, iwo n'kugwera pabondo. Ndinawapeza atakhala pansi, kapu ya tiyi itagubuduzika, akuyesa kuzula ndodoyo ndi manja awiri. Sanathyoke, tikuthokoza Mulungu, koma bondo latupa. Chichokereni tsiku limenelo abwerera kukakhala pamkeka kukhomo la khitchini, pa simenti yomwe ija ndinkawathawitsa. Akadutsa pafupi ndi khondelo amalambalala.

Ife a ku Dedza takulira pakati pa paini, wa m'phiri muno ndi wa ku Chongoni, macheka tawamva kulira kuyambira tili ana. Kugulitsidwa thabwa laliwisi kuno kwathu kwandichititsa manyazi, ndipo ndikudziimba mlandu kuti ndinamaliza kulipira ndisanasuzumire kunsi.

Ndalama zanga sindikuzifuna, ndikufuna khonde lomwe tinapangana. Mukhomole matabwa onse, muwonjezere mitanda, nsonga iliyonse igone pamtanda. Ong'aluka ndi opindika muwasinthe ndi ouma, ndipo mankhwala mudzapake ine ndikuona, mbali zonse ndi modulidwa momwe. Mumange chingwe, musiye mpata wofanana, mumange ndi masikuluwu osachita dzimbiri, khondelo lipendekere pang'ono kunja kuti madzi asamabwerere kukhoma. Mvula yayamba kale, ndipo sabata iliyonse yomwe mukuzengereza mitanda ikumwa madzi. Loweruka likudzali ndidzakhala pakhomo tsiku lonse. Mubwere nokha, Bambo, osatuma anyamata, mudzapondepo pomwe mayi anagwera.