Kalata kwa Mabvuto ku Kitwe

Chipata, Lamlungu usiku

Mabvuto mnzanga,

Kalata yako mlamu wako wandipatsa ikununkha kapenta. Ukuti wanenepa. Abemba ayamba kukudyetsa anyani eti? Ine ndikadali ngati nsungwi, mbewa za ku Katete nazo zakwera mtengo, usaseke. Ndikulemba ndi kandulo, magetsi anapita masana.

Dalitso wa mlongo wanga wabwera ku holide mawondo atatupa ngati mapapaya. Masiku atatu akungoti ndinagwa pa mpira. Anadzaulula kwa agogo ake kuti akuluakulu a m'dometori anamugwaditsa pa miyala mpaka tambala kulira, mlandu wake kukana kuchapa masokosi a kaputeni. Uzeze, kuzunza ana atsopano kusukulu kuja, ulipobe! Giledi 8 ija tsopano akuti Fomu 1, koma zeze ndi zeze. Mkwapulo aphunzitsi analetsedwa mu 2003, lamulo la ana la 2022 linadzatsindikanso, koma nyale zikazima m'dometori woweruza ndi amene ali ndi ndevu.

Ndinalusa, mpaka kuvala nsapato kuti ndikaonane ndi ahedi. Ndili pakhomo ndinakumbukira amene anauza kamnyamata ka ku Lundazi kaja kuti kayeze dometori yonse ndi kamtengo ka machesi. Ndiwe. Ine ndinali wowerenga, ndipo ndinkasokoneza dala tikafika pa 300 kuti kayambirenso. Nanga uja tinamukweza pa bedi kuti azime babu ndi mpweya wa m'kamwa? Anauzira mpaka misozi, ife tikugubuduka ndi phwete. Tinkati ifenso anatichita. Wa machesi ujatu pano ndi bambo wamimba, ali ndi shopu ya simenti ku Kapata. Akandiona amati "bwana, mwauka?" akumwetulira, ine maso pansi. Simenti ndimakagula kutali, yodula, kuthawa moni wakewo. Khonde langa silinathe mpaka lero chifukwa cha kamtengo kako ka machesi, ndiye unditumizire ya matumba asanu.

Koma chandilembetsa ndi china. Timu yathu ya madala inawina ku Chadiza, aZulu napha mbuzi, mowa mbwee. Mng'ono wake wa Nyuma, uja unamusiya ali ku pulayimale, pano ali ndi zaka 20, anabwera kudzathandiza kuphika. Ine ndinachoka msanga, msana uja sunandisiye. M'mawa anamupeza kuseri kwa bafa akulira, nsapato imodzi m'manja, sakudziwa kuti m'chipinda analowamo bwanji. Anyamata awiri a m'timu. Sindiwatchula, pepalali lidutsa m'manja ambiri, koma mmodzi unamuphunzitsa ndiwe kugwira pagolo.

Madzulo ake tinakumana pansi pa mango pa bwalo. Ukanamva zonena za anthu aimvi. "Anabwera yekha." "Palibe anamutsanulira mowa m'kamwa." "Sanakane." Ndinafunsa kuti munthu amene akulephera kuimirira akana ndi pakamwa pati, nanga kuvomera anavomera liti? Kunangoti zii. Kenako aTembo anatsokomola n'kuti za kudambwe saulula, tisonkhe kangachepe tikapepese kwa makolo, zithere pakhomo. Dambwe liti? Timu yopanda ngakhale majezi ofanana! Ndiye poti msungichuma ndine, onse maso pa ine kuti nditulutse ndalama za majezi zija.

Mkazi wanga, amake Chikondi, sanadikire za pansi pa mango. M'mawa womwewo anali atamukweza kale mtsikanayo pa njinga mpaka ku chipatala. Mankhwala oteteza ku HIV aja, a PEP, amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, n'kumwa masiku 28, ndipo ife amuna tikanawatha maolawo tikukambirana za mtengo wa chipepeso. Atachoka uko anapita naye ku Victim Support Unit, ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Chilango cha mlandu wogwirira kuno chimayambira zaka 15, chitha kufika moyo wonse m'ndende, ndiye ungoganiza mmene anzathu akundionera. Akuti mkazi wako watigulitsa. Andichotsa pa gulu la WhatsApp, ine amene ndinaligulira mpira woyamba. Ngakhale mpope wanga aTembo akukana kubweza.

Ichi sindinauze ngakhale mkazi wanga. Pansi pa mango paja chikwama cha ndalama ndinali nditabwera nacho, chili m'thumba la jekete. Ndinafunsa funso limodzi lija basi, kenako ndinakhala duu, dzanja lili pa chikwama. Akanapanda kubwera mwana kudzanena kuti amayi ali kupolisi, ndikanapereka, Mabvuto. Ndikanawerenga bwinobwino, osasokoneza pa 300.

Lachitatu apolisi andiitana kuti ndikanene amene anatsala pamene ndinkachoka. Ndinawaona onse, ndi pamene aliyense anakhala. Amake wa pagolo uja anabwera dzulo ndi nkhuku, sanalankhule kanthu, angoimanga pa mpanda n'kupita. Ikadali pomwepo, palibe waimasula, ikulira usiku wonse.

Dalitso akuti sabwerera kusukulu, mlongo wanga akuti ndikamulankhule ndine poti ndinadutsamo. Ndikamuuze chiyani, kuti chaka chamawa adzakhala iye wogwaditsa anzake? Iwe amene unali katswiri wa zimenezi undiuze, chifukwa ine ndikati ndiyambe

kandulo yatha. Moni kwa alamu.

Ndine,
Yohane