Kwa mwana wanga wojambula

Wokondedwa Nabanda,

Kuno kumudzi tili bwino, amayi ako akupereka moni.

Uthenga wako ndaulandira. Ukuti watopa ndi kujambula milambe, dzuwa likulowa panyanja ndi amayi osenza mitsuko, zija amagula alendo ku Chembe ndi ku Senga Bay, ndipo ukufuna kuyamba luso lamakono. Koma ukuti utapita kuchionetsero mumzindamo unangoona zinthu zosadziwika mutu wake, ndiye ukufunsa ngati nawenso uyenera kupanga zosamveka kuti anthu akuwerengere. Ine burashi sindinaigwirepo, moyo wanga wonse ndi choko, komabe ndili nawo mawu.

Ukadzapeza mpata upite ku Mua, ku Kungoni kuja anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ukaone nkhope za gule zimene anasonkhanitsa. Za kudambwe sindilowamo, si zolemba m'kalata, ndikunena zimene aliyense amaona pabwalo. Pali Simoni wa nkhope yofiira psuu, mzungu wopsa ndi dzuwa. Pali Maliya, amene anatulukira amishoni atafika. Pali mpaka Galimoto. Chachilendo chikalowa m'mudzi, gule sankachedwa kuchiveka nkhope n'kuchitulutsa pabwalo, kuti anthu achiseke, achiope poyera, akambirane pobwerera kunyumba. Amene anaganiza za Simoni sankafunsa kuti wogula akonda chiyani. Ankayankha zimene zinkachitika masiku akewo. Kwa ine luso lamakono ntchito yake ndi imeneyo, ndipo sitinachite kuiphunzira kwa azungu.

Tatenga Samson Kambalu, mwana wa konkuno. Mu 2022 chiboliboli chimene anapanga chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London, pamalo pamene amasinthasintha ntchito za amisiri a masiku ano. Anachitenga pa chithunzi cha 1914, pamene John Chilembwe waima ndi mmishoni mnzake John Chorley patsogolo pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Pachithunzipo Chilembwe wavala chipewa, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kukhala ndi chipewa kumutu pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira anaukira atsamunda n'kuphedwa, ndipo tchalitchicho anachigumula.

Nanga Kambalu anawonjezapo chiyani? Chinthu chimodzi chokha. Chorley anamusiya pa msinkhu wa munthu wamba, Chilembwe n'kumukulitsa kwambiri, moti mzungu uja akuoneka wamng'ono pambali pake. Basi. Koma taganiza, pakati pa mzinda umene unkalamulira Nyasaland, anthu ankachita kukweza maso kuti aone m'busa wa ku Chiradzulu atavala chipewa chake. Ife nkhope ya Chilembwe timaigwira tsiku ndi tsiku pa ndalama, tikugula tomato, mpaka tinasiya kumuona. Chithunzi chija anachiona anthu ambiri, koma anafunika munthu woti achiyang'anitsitse mpaka aone kuti nkhani yonse ili pa chipewa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzako amene amakhala pansi kudikira kuti nzeru iwagwere. Ena amati luso n'chibadwa, chabwino, dzanja lako tinaliona uli wamng'ono ukutithera makala pakhoma la khitchini. Koma dzanja lokha limangobwereza milambe yomweyo. Chimene chikusowa pa nsalu zako ndi zimene iweyo waona ndi maso ako, zimene wina sangatiuze.

Ndikuchenjeze apa. Mlendo wa kunyanja amafuna Malawi wokongola, wopanda fumbi. Wogula wa m'zionetsero zikuluzikulu naye nthawi zina amafuna Malawi wake, wa umphawi ndi misozi, kapena chinthu chovuta kumva choti akachitamire kwa anzake. Ukachoka kwa woyamba n'kukagwada kwa wachiwiri, wangosintha bwana. Unandiuza kuti ukufuna kujambula za namondwe Freddy, zimene unaona ku Chilobwe mu Malichi 2023. Jambula, koma uzidzifunsa ngati mayi amene anataya ana ake m'matope aja angaime patsogolo pa nsaluyo osamva kuti wagulitsidwa. Ngati sangaime, ibise kaye.

Zosamveka zija usafulumire kuzinyoza zonse. Zina zimafuna kuti ubwererenso kachiwiri, zina n'zachabechabe ndithu, zongobisala kuseri kwa Chingerezi chambiri cholembedwa pakhoma. Ukazolowera udzazisiyanitsa.

Za ndalama, usachite zinthu mopupuluma. Lendi siyembekeza, ndipo penti ndi nsalu zakwera mtengo. Milambe ipitirize kukudyetsa, palibe chamanyazi pamenepo. Koma upatule masiku ena pa sabata oti ujambule zako, zosaitanitsidwa ndi munthu, ngakhale zikhale pa katoni. Yamba ndi zimene zili pakhomo pako: anyamata a kabaza pamzere wa mafuta, kapena mayi uja amakugulitsa makala, amene unati samwetulira.

Ukamabwera pa Khirisimasi utenge ziwiri kapena zitatu za zatsopanozo. Agogo ako akufuna kuziona, ndipo ukuwadziwa, sadzakunyengerera. Amayi ako akuti usaiwale mankhwala awo a miyendo.

Ndine bambo ako.