Ka "up" ka pick up tisamakataye

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala mwanumu ndinenepo za mawu achingelezi aja oti pick up, chifukwa momwe tikuwalembera m'mamesejimu penapake zikumasokonekera ndithu.

Ambirife tinangoloweza kuti ndi kutola chinthu pansi basi. Koma mukatsegula dikishonale yaikulu ngati ya Oxford mupeza matanthauzo opitilira 10, ndipo chimene chimakuwuzani kuti apa akunena chani ndi mawu amene ali pambali pakewo. Pick up the phone ndi kuyankha foni. Pick up the kids ndi kukatenga ana, kawirikawiri pagalimoto, osati kuwanyamula m'manja ayi. Akati she picked up French ndiye kuti Chifalansacho anangochidziwa pomamvera anthu akucheza, m'kalasi sanalowemo, ndipo chimfine nachonso chimodzimodzi, umachita pick up osadziwa n'komwe kuti wachitenga kwa ndani. Apolisi akamuchita pick up munthu ndiye kuti amugwira ameneyo, sikuti amupatsa lifiti. Pena palibe chotsatira chilichonse, monga business is picking up, apo akuti malonda anazilala koma tsopano ayambanso kuyenda.

Chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi ka up kaja, timakataya mwachisawawa. Munthu ali pasiteji, mvula ikumuthira, akulembera mnzake kuti come and pick me. Ifeyo timamvana inde, koma kwa eni chilankhulocho pick me ndi kuti undisankhe ineyo pakati pa anthu ena, ngati mmene amasankhira osewera mpira. Ofuna kutengedwa amati pick me up, ndipo onetsetsani pamene pakhala me, pakatikati. Dzina la chinthu mutha kuliyika uku kapena uku, pick up the bag kapena pick the bag up zonse n'zabwino, koma timawu ngati me, it, him, them timalowa pakati basi, pick up it kulibeko.

Aphunzitsi athu ndikupempheni, m'malo mowalowezetsa ana mndandanda wautali wa mawu oterewa kuti alembere mayeso, apatseni ziganizo zathunthu, azimva mawuwo ali pantchito. Muwachenjezenso za pick on, kamene kamangosiyana pang'ono koma nkhani yake ndi ina, kumeneko ndi kumangomuzunza munthu mmodzi yemweyo popanda chifukwa.

Ine wowerenga wanu