Nkhani ya alimi a ku America ili ndi mbali ina

A Mkonzi,

Anthu ambiri amatamanda alimi amene anakhamukira kumadzulo kwa America ngati kuti anapeza tchire lopanda mwini. Ndikupempha kuti owerenga amve mbali inayo.

Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 akalima malowo zaka 5. Koma eni nthaka analipo. Anthu a mitundu ya Lakota ndi Cheyenne anathamangitsidwa ndi mfuti, njati zimene ankadalira zinaphedwa mwachisawawa, ndipo mu 1890 asilikali anapha anthu oposa 150 ku Wounded Knee, amayi ndi ana omwe. Zimenezi siziyenera kubisidwa.

Nawonso obwerawo sanapeze mtendere. Mlimi wa ku Kansas ankakolola tirigu wambiri, koma kampani ya njanji inali imodzi m'deralo, mtengo wonyamulira n'kumauika mmene yafunira. Nkhokwe zosungiramo mbewu zinali za amalonda, ngongole kubanki ikungokula. Mu 1889 chimanga chinatsika mtengo mpaka mabanja ena ankachisonkhezera pamoto m'malo mwa malasha. Taganizani, chakudya chimene wachikhetsera thukuta chaka chonse!

Chimene ndimawalemekezera n'chakuti sanangokhala n'kumalira. Anagwirizana m'mabungwe a Grange ndi Farmers' Alliance, n'kumagula ndi kugulitsa pamodzi. Mu 1892 ku Omaha, chipani chawo cha People's Party chinafuna kuti boma litenge njanji ndiponso olemera azikhoma msonkho wokwerapo. James B. Weaver, amene anaimira chipanichi pa chisankho cha pulezidenti chaka chomwecho, anapeza mavoti oposa 1 miliyoni. Chomvetsa chisoni, alimi akuda akumwera ankakanizidwa kulowa nawo Alliance, mpaka anayambitsa bungwe lawolawo.

Ine wanu,
Wowerenga