Lipoti la msonkhano wa magetsi a dzuwa ogawana m'dera lathu la Kamuzu Road

Kwa a Wapampando ndi mamembala onse,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano umene unachitikira kuboma kuno ku Salima, wokambirana momwe mabanja oyandikana m'tauni angasonkherane ndalama n'kukhala ndi magetsi a dzuwa amodzi, m'malo moti aliyense azigula kasola kake komwe sikangayendetse ngakhale filiji.

Otsogolera zokambirana anatikumbutsa kuti malo a kampani ya JCM ku Nanjoka, omwe anatsegulidwa mu 2021, amapanga mamegawati 60 ndi dzuwa lomweli, ngakhale magetsiwo amalowa m'mawaya a ESCOM n'kugawidwa dziko lonse. Anatchulanso za Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo tonse tikudziwa mdima umene unatsatira.

Chimene ndabwera nacho kwenikweni n'chakuti vuto silili pa mapanelo, chifukwa amatha zaka zoposa 20 akugwira ntchito, koma pa mabatire, omwe amafooka msanga pomwe mtengo wake ndi woboola m'thumba. Mayi wina wogulitsa chambo ku Senga Bay anafotokoza kuti iye ndi anzake anasonkherana bwinobwino, koma batire litafa panalibe ndalama yosungidwa, moti lero mapanelo angokhala padenga atadzaza fumbi, ndipo filiji akusungiramo mapoto. Holo yonse inangoti zii, ineyo ndinaganiza za ife.

Tinatsutsana kwa nthawi yaitali pa kagawanidwe. Wowotcherera zitsulo sangalipire mofanana ndi agogo amene amangoyatsa mababu awiri ndi kutchaja foni, n'chifukwa chake ambiri anagwirizana zoti nyumba iliyonse ikhale ndi mita yakeyake yogulira mayunitsi pasadakhale. Ine ndikugwirizana nazo kwathunthu, chifukwa ngongole pakati pa anansi ndi imene ingatiphere gulu. Nkhani ya alendi sinathe: ambiri mwa ife tikukhala m'nyumba za eni, choncho denga loikapo mapanelo lifunika pangano lolembedwa ndi alandilodi.

Ndikupempha kuti tisanafunse mitengo, komiti iyendere nyumba iliyonse Loweruka likudzali kulemba zipangizo zamagetsi ndi maola amene zimayaka, msungichuma akonze thumba lapadera la mabatire, ndipo mlembi alembere bungwe loyang'anira za magetsi la MERA kufunsa za chilolezo chogulitsana magetsi.

Ine nthumwi yanu.