Amalonda aganize kaye asanasamutsire mabuku awo pa cloud

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi Amalawi anzanga amene akuchita malonda kumudzi komanso kuno ku Johannesburg, kumene ndakhala zaka zingapo ndikulemba mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono. Ambiri mwa amene ndimawathandiza ndi matelala a ku Fordsburg ndi Mayfair, eni mashopu, ndi onyamula katundu pa malole kupita ku Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi. Masiku ano pafupifupi aliyense wa iwo akuuzidwa kuti asiye makope ndi mafayilo, asamutsire zonse pa cloud, ndipo owauzawo amatchula zokoma zokhazokha.

Zokomazo zilipo ndithu, ndipo inenso ndimagwiritsa ntchito njirayi tsiku lililonse. Komabe munthu adziwe chimene akugula. Cloud ndi makompyuta a kampani ina, oikidwa m'nyumba imene simudzalowamo, ndipo inu mukungochita lendi malo. Microsoft inatsegula nyumba zoterezi ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google inabwera kuno ku Johannesburg mu 2024. Kuika mabuku a bizinesi kumeneko kuli ngati kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya mwini. Nkhokweyo ikhoza kukhala yolimba kuposa yanu, yosadontha ndiponso yopanda anankafumbwe, koma tsiku lokatapa chimangacho mufunika kuti mwini nkhokwe akuzindikireni, njira yopita kumeneko ikhale yotseguka, ndipo lendi ikhale yolipidwa.

Ndiyambe ndi nkhani ya kuzindikiridwayo, chifukwa ndi imene ndaona ikuliza anthu. Bambo wina wonyamula katundu ankasunga pa cloud mayina a makasitomala ake onse, ndalama zimene alipira ndi zimene zatsala. Akauntiyo anawatsegulira ndi mnyamata amene ankawalembera malisiti, ndipo mosaganizira zambiri anaitsegula pa imelo yake ndi nambala ya foni yake. Mnyamatayo atabwerera kumudzi, nambala yake ya kuno inakhala miyezi osagwira ntchito mpaka inatsekedwa. Tsiku lina laputopu ya mu ofesi inafa, ndipo atagula ina, akauntiyo inafuna nambala yachinsinsi imene imatumizidwa ku foni yotsekedwa ija. Ndinawapeza bambowo pabwalo lopakirira katundu, lole itadzaza theka ndi mafiriji, matiresi ndi njinga, makatoni atalembedwa mayina ndi cholembera chakuda, koma iwo osadziwa kuti walipira ndani ndipo ali ndi ngongole ndani. Mayi wina anali ataima pambali pa mtolo wake wa mabulangete akulumbira kuti anapereka ndalama zonse, bambowo akungoseweretsa makiyi m'manja, kusowa poyambira. Panapita masabata atatu kuti akauntiyo ibwerere m'manja mwawo. Apa panalibe mbava ya pa intaneti, ndipo kampani yosunga zinthuyo sinalakwe kanthu. Inangokana kutsegulira munthu amene m'mabuku ake sanali mwini. Choncho akaunti ya bizinesi itsegulidwe m'dzina la bizinesi, pa nambala ndi imelo za mwini wake, ndipo wantchito aliyense apatsidwe khomo lakelake lolowera, loti akachoka litsekedwe tsiku lomwelo.

Za lendi sindichulutsa, chifukwa Mmalawi aliyense akuidziwa nkhani ya ndalama zakunja. Mapulogalamu ambiri a pa cloud amalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo ochuluka mitengo yake ili m'madola. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wamalonda wa ku Limbe amene ankalipira m'madola anadzuka bilu yake itakwera iye osawonjezera chilichonse. Khadi la ku banki likakana kulipira, akaunti imaimitsidwa, ndipo makampani ambiri amalemba m'mgwirizano kuti pakapita nthawi yakutiyakuti zosungidwazo adzazifufuta. Ndime imeneyi ndi imene anthu sawerenga. Asanasaine, wamalonda afunsenso ngati tsiku lofuna kuchoka adzatha kutulutsa mabuku ake onse mwa mtundu woti pulogalamu ina nkuwatsegula, chifukwa kulowa amakulandirani ndi manja awiri, koma potuluka mpamene pamaoneka mfundo.

Njira yopita kunkhokwe ndi intaneti, ndipo intaneti yathu imadalira zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja. Pa 14 Marichi 2024 zingwe zinayi, WACS, SAT-3, ACE ndi MainOne, zinawonongeka kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo maofesi ambiri kuno anavutika kutsegula mapulogalamu a Microsoft tsiku limenelo. Mu Meyi chaka chomwecho zingwe za EASSy ndi Seacom zinaduka kumbali ya kum'mawa, intaneti nkufooka ku Tanzania, Mozambique ndi kwathu ku Malawi. Tikawonjezapo kuzimazima kwa magetsi, kumene ife a kuno tinakulawa mokwanira mu 2023 ndipo a kumudzi akukudziwa kuyambira kale, funso loti mwini shopu adzifunse nlakuti: intaneti itasowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kodi ndingagulitse, kulemba lisiti ndi kudziwa katundu amene watsala? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti bizinesiyo yapachikidwa pa chingwe chimene mwini wake sangachilumikize chikaduka.

Ena amaganiza kuti chinthu chikafika pa cloud ndiye kuti sichingatayike. Mu Marichi 2021 moto unapsereza nyumba ina ya makompyuta ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo makasitomala ena anataya zonse chifukwa kope lawo lachiwiri linali pamalo omwewo. Mu Meyi 2024 akaunti ya bungwe la penshoni la ku Australia lotchedwa UniSuper inafufutidwa molakwitsa pa Google Cloud, ndipo chimene chinathandiza kubwezeretsa zinthu nchakuti bungwelo linali ndi kope lina ku kampani ina. Ngati zoterezi zikugwera mabungwe okhala ndi akatswiri awoawo, telala wa makina atatu asadzinamize. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, komabe, ndi zinsinsi za anthu ena zimene timasunga. Onyamula katundu amajambula mapasipoti a makasitomala, amalemba manambala a foni a abale awo kumudzi ndi malo amene akukhala kuno, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhani ya mapepala ilili yowawa kwa abale athu ambiri m'dziko muno. Zithunzi zimenezi zikagwera m'manja olakwika, wovulala si mwini bizinesi yekha. Lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu, lotchedwa POPIA, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, ndipo chindapusa chake chikhoza kufika marandi 10 miliyoni. Lamuloli limanena momveka kuti kupereka zinthu kwa kampani ina kuti ikusungireni sikukuchotserani udindo, limafuna mgwirizano wolembedwa pakati pa inu ndi kampaniyo, ndipo limaika malire pa kutumiza zinsinsi za anthu kunja kwa dziko. Kwathu nakonso kuli lamulo lotere la mu 2024, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Kuwonjezera apo, bungwe la misonkho la kuno ku South Africa, la SARS, limafuna kuti mabuku asungidwe zaka zisanu, ndipo silidzamva zoti akaunti inatsekedwa.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, nlakuti mupatse mpata akatswiri a ku MACRA afotokoze lamulo lakwathu la mu 2024 lija m'Chichewa chomveka kwa wogulitsa mu msika wa Lilongwe, chifukwa ogulitsa mapulogalamuwa afika kale pakhomo pake ndi timapepala tawo. Bambo wa malole uja sanachoke pa cloud, ndipo inenso sindinawalangize kutero. Akaunti tsopano ili m'dzina lawo, Lachisanu lililonse madzulo timakopera mabuku onse pa hard drive, kachipangizo kosungiramo za pa kompyuta, imene amakasunga kunyumba, ndipo lole isananyamuke amasindikiza mndandanda wa katundu papepala, wina nkupatsa dalaivala, wina nkuika m'kabati.

Ine wowerenga wanu,
Mayfair, Johannesburg